CAPABLANCA: MWANA AMENE ANAPHUNZIRA CHESI NDI MASO

Mu mzinda wa Havana, likulu la cisumbu ca Cuba, munali mkulu wina wa asilikari amene anali kukonda kusewera chesi ndi mnzace. Tsiku lina mwana wace wamwamuna, amene anali asanakwanitse zaka 5, analowa m'cipinda m'mene akuluwo anali kusewera, naima pambali kuyang'ana. Panalibe amene anamlabadira. M'mawa mwace anabweranso, ndipo pa tsiku lacitatu anaona atate ace atayendetsa kavalo molakwira lamulo, mnzao uja osazindikira. Sewero litatha, mwanayo anayamba kuseka, nanena kuti atate ace apambana mwa cinyengo.

Atatewo anapsa mtima, ndipo kunatsala pang'ono kuti amtulutse m'cipindamo. Koma mwanayo anawasonyeza pamene analakwa, nawauzanso kuti iye angathe kuwagonjetsa. Iwo sanakhulupirire, pakuti panalibe munthu amene anamphunzitsapo masewerawa. Anakhala pansi nasewera, ndipo mwana anapambana.

Nkhani iyi anaisimba mwini wace atakula. Dzina lace ndi José Raúl Capablanca, amene anadzakhala ngwazi ya chesi ya dziko lonse la pansi kuyambira 1921 kufikira 1927. Akatswiri a masewerawa amuwerengera pakati pa anthu owerengeka amene anabadwa ndi luso loposa. Koma mbiri yace iri ndi mbali inanso imene makolo ndi ana ayenera kuimva, pakuti luso limene linamkweza mosabvuta ndilo linamgoneka tulo pa nthawi imene panafunika khama.

CHESI N'CIANI?

Owerenga athu ambiri adziwa nsolo ndi drafuti, koma si onse amene anaonapo chesi. Awa ndi masewera a anthu awiri, ndipo amacitikira pa thabwa la tizipinda 64, toyera ndi takuda mosinthana. Munthu aliyense amakhala ndi gulu la ankhondo 16 osemedwa ndi mtengo: mfumu, mfumukazi, malinga awiri, mabishopu awiri, akavalo awiri ndi asilikari 8. Aliyense wa awa ali ndi kayendedwe kace. Kavalo amayenda mokhota nalumpha anzace, ndipo akacoka pa kacipinda koyera ayenera kutera pa kakuda. Atate a Capablanca anamcotsa pa koyera namuika pa koyera kena, ndipo ici ndico cimene diso la mwana linagwira.

Wopambana ndi amene wazinga mfumu ya mnzace kufikira itasowa kothawira. Onse awiri akalephera kutero, timati alepherana. M'masewera awa mulibe mwai kapena maula. Zonse ziri poyera pamaso pa anthu awiriwo, kotero kuti wogonja alibe wina womunamizira koma mutu wace.

UBWANA WACE

Capablanca anabadwa pa 19 Novembala, 1888, pamene Cuba anali pansi pa ulamuliro wa Spain, ndipo atate ace anali m'gulu la nkhondo la Spain. Ali ndi zaka 8 anamtengera ku kalabu ya chesi ya mu Havana, kumene akuluakulu anazizwa naye. Dotolo analangiza kuti mwanayo asasewere kawirikawiri, ndipo makolo anamvera.

Kumapeto kwa caka ca 1901, pamene anali kukwanitsa zaka 13, anamkonzera mpikisano ndi Juan Corzo, amene anali katswiri wa dziko lonse la Cuba. Corzo anapambana masewero awiri oyamba, ndipo zinaoneka ngati mwana waikidwa pa malo osamuyenera. Koma mnyamatayo sanataye mtima. Potsiriza pa masewero 13 iye anali atapambana 4, Corzo 3, ndipo 6 analepherana. Akale anati m'mera mpoyamba, ndipo anthu a mu Havana anadziwa pomwepo kuti pakati pao pamera mtengo waukulu.

Atasinkhuka anapita ku New York, ku America, kukaphunzira za umisiri pa yunivesite ya Columbia. Kumeneko mtima wace unali pa mpira wa baseball ndi pa kalabu ya chesi ya Manhattan koposa pa mabuku, ndipo anasiya maphunziro asanatsirize. M'caka ca 1909 anakumana ndi Frank Marshall, katswiri wochuka wa ku America, munthu amene anali atazolowera kulimbana ndi ngwazi za ku Ulaya. Mnyamata wa zaka 20 anapambana masewero 8, nagonja limodzi lokha, ndipo 14 analepherana.

AFIKA KU ULAYA

Marshall sanasunge mangawa. M'caka ca 1911 kunali mpikisano waukulu mu mzinda wa San Sebastián, ku Spain, umene unali wa okhawo amene anapatapo mphotho m'mipikisano ikuluikulu. Capablanca analibe mbiri yotere, koma Marshall anaumirira kuti amlole. Ena mwa akatswiri anadandaula, ndipo mmodzi wa iwo anali Ossip Bernstein. Zinangocitika kuti pa tsiku loyamba Capablanca anakhala pa thabwa ndi Bernstein yemweyo, namgonjetsa mokongola kotero kuti sewerolo linapata mphotho yapadera. Mpikisano wonse unatha Capablanca ali patsogolo, atagonja kamodzi kokha kwa Akiba Rubinstein.

M'caka ca 1913 boma la Cuba linampatsa nchito mu unduna woona za maiko akunja. Nchito iyi inampatsa malipiro ndi mpata woyenda m'maiko ambiri, kusewera chesi ndi kukweza dzina la dziko lace. Caka cotsatira, mu mzinda wa St Petersburg ku Russia, anali patsogolo kwa masiku ambiri, koma ngwazi ya dziko lonse ya nthawiyo, Emanuel Lasker wa ku Germany, inamgonjetsa kumapeto nimpitirira pang'ono. Wacitatu pa mpikisano umenewo anali mnyamata wa ku Russia wochedwa Alexander Alekhine. Owerenga asunge dzina limeneli.

KASEWEREDWE KACE

Cimene cinadabwitsa anthu mwa Capablanca si misampha yoopsa ai, koma kuphweka kwa masewera ace. Akatswiri ena amakhala nthawi yaitali atagwira mutu, kuwerengera njira zambirimbiri. Iye anali kungoyang'ana pa thabwa kanthawi kocepa, naona malo oyenera wankhondo aliyense. Akapata mwai waung'ono, monga msilikari mmodzi woposa a mnzace, anali kusinthanitsa ankhondo akuluakulu mmodzimmodzi kufikira pa thabwa patatsala owerengeka, ndipo pamenepo msilikari mmodzi uja anali kukwanira kutsiriza nkhondo. Woonerera anali kuyesa kuti iyenso angathe kucita cimodzimodzi, kufikira atayesa. Cifukwa ca kusalakwa kwace anthu anamucha makina a chesi.

M'caka ca 1918 Marshall anabwera ndi njira yatsopano yothira nkhondo, imene anaikonzeratu, ndipo kufikira lero ichedwa ndi dzina lace. Capablanca anaona kuti wacheredwa msampha, koma analowamo dala, nachinjiriza mfumu yace pakati pa moto, napambana. Mu 1922, mu mzinda wa Cleveland, anasewera ndi anthu 103 pa nthawi imodzi, kuyenda kucokera pa thabwa ili kupita pa linzace. Anagonjetsa 102, ndipo mmodzi yekha analepherana naye.

Coposa zonsezi ndi ici: kuyambira mwezi wa Febuluwale 1916 kufikira Marichi 1924, zaka 8 zathunthu, sanagonje sewero ngakhale limodzi pa mipikisano. Anasewera masewero 63, napambana 40, ndipo 23 analepherana. Pamene Richard Réti anamgonjetsa ku New York mu 1924, nkhaniyo inamveka m'maiko ambiri ngati cozizwitsa.

ALANDA MPANDO

Masiku amenewo kunalibe bungwe lolamulira za mpando wa ngwazi ya dziko lonse. Mwini mpando ndiye anali kusankha munthu wosewera naye, nachula yekha ndalama ndi malamulo a mpikisano. Lasker anakhala pa mpandowo kuyambira 1894. Capablanca anamtokosa mu 1911, koma sanamvane pa malamulo, ndipo pambuyo pace nkhondo yoyamba ya dziko lonse inatsekereza zonse.

Anadzakumana mu Havana m'miyezi ya Marichi ndi Epulo, 1921. Lasker anali ndi zaka 52, atasauka ndi nkhondo, ndipo kutentha kwa ku Cuba kunamsautsa. Capablanca anali ndi zaka 32, akusewera kwao pamaso pa abale ace. Pa masewero 14 anapambana 4, ndipo 10 analepherana. Lasker, amene anasunga mpando zaka 27, anagonja osapambana sewero ngakhale limodzi. Dziko laling'ono la Cuba linakhala ndi ngwazi ya dziko lonse la pansi.

Caka comweco Capablanca anatulutsa buku lophunzitsa chesi lochedwa Chess Fundamentals, limene liwerengedwa kufikira lero. Ciphunzitso cace cinali cakuti wophunzira ayambe ndi mathero a sewero, pamene ankhondo atsala ocepa, kuti adziwe bwino mphamvu ya aliyense asanalowe m'zobvuta.

Mu 1922, ku London, anaika malamulo a munthu wofuna kulimbana naye. Wotokosayo anayenera kupeza madola 10,000 a mphotho, ndipo wopambana anali amene wayamba kupata masewero 6, osawerengera olepherana. Akatswiri anzace anabvomera nasaina. Ndalama izi zinali zambiri zedi pa nthawiyo, ndipo ena amene anali ndi luso, monga Rubinstein, analephera kuzipeza. Capablanca sanadziwe kuti mpanda umene anamangira anzace udzamtsekera iye mwini kunja.

MUNTHU AMENE ANAKONZEKERA

Alekhine, amene anabadwira ku Moscow mu 1892 nasamukira ku France, anali munthu wa mtundu wina. Capablanca anali wokonda maphwando, zobvala zabwino ndi kuceza, ndipo sanali kutaya nthawi yambiri pa mabuku a chesi. Alekhine anali kudya chesi ndi kugona chesi. Anasonkhanitsa masewero a Capablanca nawasanthula limodzilimodzi, ndipo anapeza cimene ena sanacione. Makina aja anali kulakwa nthawi zina. Popeza Capablanca anali kukhulupirira diso lace, kawirikawiri anali kutenga njira yoyamba yooneka bwino osafufuza ngati pali ina yoposa, ndipo anzace, cifukwa ca mantha, sanali kuzindikira zolakwazo. Alekhine anatsimikiza kuti adzakaikira kuyenda kulikonse kwa mnzaceyo, ndi kumtopetsa ndi masewero atali.

Anthu a ku Argentina anapereka ndalama zija, ndipo mpikisano unakonzedwa mu mzinda wa Buenos Aires. Pafupifupi aliyense anayembekeza kuti Capablanca adzapambana mosabvuta, ndipo anali ndi zifukwa. Kuciyambi kwa caka comweco ca 1927, pa mpikisano wa ku New York, Capablanca anakhala woyamba osagonja konse, namsiya Alekhine kumbuyo kwambiri. Ndiponso kufikira nthawi imeneyo Alekhine anali asanamgonjetsepo ngakhale kamodzi. Cotero ngwaziyo inapita ku Buenos Aires yosakonzekera mokwanira, m'thupi ndi m'maganizo momwe, pamene mnzace anafika atalimbitsa thupi ndiponso ataloweza njira zace zonse. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

MIYEZI IWIRI NDI THEKA YA NKHONDO

Mpikisano unayamba pa 16 Sepitembala, 1927. Sewero loyamba lenileni Alekhine anapambana, ndipo anthu anati ndi ngozi cabe. Capablanca anabwezera pa sewero lacitatu ndi la 7, nakhala patsogolo, ndipo zinaoneka kuti zinthu zabwerera m'malo mwace. Alekhine anali kubvutika ndi mano, kotero kuti anazulitsa angapo pakati pa mpikisano kuti asaleke kusewera.

Zinthu zinatembenuka pa sewero la 11, limene linali lalitali ndi lobvuta, ndipo Alekhine anapambana. Anapambananso la 12. Kucokera pamenepo Capablanca anazindikira kuti wakumana ndi munthu amene samuopa. Masewero olepherana anatsatizana milungu yambiri, aliyense akudikira kuti mnzace aterereke. Tikumbukire kuti pa tsiku limodzi anali kukhala pa thabwa kufikira maola 5, ndipo sewero losatha linali kupitirizidwa tsiku lina. Nchito yotere ifuna munthu wozolowera kupirira, ndipo Capablanca anali asanafunikirepo kupirira motere m'moyo wace wonse.

Alekhine anapambana sewero la 21. Capablanca anapata la 29, koma mnzace anatenga la 32. Sewero la 34 linaimitsidwa Capablanca ali pa malo oipa, ndipo pa 29 Novembala sanabwere kudzalitsiriza. Anatumiza kalata yobvomera kugonja ndi yofunira mnzace mafuno abwino. Alekhine anapambana masewero 6, Capablanca 3, ndipo 25 analepherana. Panapita zaka zoposa 50 usanacitike mpikisano wina wa mpandowu wotalika kuposa umenewu.

KHOMO LITSEKEKA

Capablanca anali ndi zaka 39, ndipo ambiri anakhulupirira kuti atakonzekera bwino angathe kubweza mpando wace. Koma tsopano mwini malamulo anali Alekhine. Iye anati ali wokonzeka kusewera, malinga Capablanca atsate malamulo a ku London amene anawaika yekha, pamodzi ndi madola 10,000 aja. Capablanca anafuna kuti malamulo ena asinthidwe, maka kuti ciwerengero ca masewero cikhale ndi malire. Makalata anayenda uku ndi uku, mau anakula, ndipo mu 1929 cuma ca maiko cinagwa, ndalama zinasowa.

Alekhine anasankha kusewera ndi ena. Anagonjetsa Efim Bogoljubov mu 1929 ndi mu 1934, anataya mpando kwa Max Euwe wa ku Holland mu 1935, naubwezanso mu 1937. Capablanca sanapatsidwe mpata. Anthu awiri amene kale anali kuceza ndi kusanthula masewero pamodzi anasanduka adani osalankhulana, ndipo kwa zaka pafupifupi 9 sanakhale pa thabwa limodzi. Atambala awiri salira m'khola limodzi.

Komabe luso lace silinathe. M'caka ca 1936 anakhala woyamba pa mpikisano waukulu wa ku Moscow, ndipo ku Nottingham, ku England, anagawana malo oyamba ndi Mikhail Botvinnik, amene anadzakhala ngwazi pambuyo pace. Ku Nottingham komweko anakumananso ndi Alekhine, namgonjetsa. Koma matenda a kuthamanga kwa mwazi anali atayamba kumfooketsa. Pa mpikisano wa ku Holland mu 1938 anakhala wa nambala 7 mwa anthu 8, ndipo Alekhine anamgonjetsa pa tsiku limene anali kukwanitsa zaka 50. Mu 1939 anabwerera ku Buenos Aires akutsogolera gulu la Cuba pa mpikisano wa maiko, napata mendulo ya golide monga wopambana mwa atsogoleri a magulu onse.

IMFA YACE

Madzulo a pa 7 Marichi, 1942, Capablanca anali ku kalabu ya Manhattan, kuyang'ana anzace akusewera, monga anaimira pambali pa atate ace ali mwana. Mwadzidzidzi anagwa, mtsempha wa m'mutu utaphulika. Anamtengera ku cipatala ca Mount Sinai, kumene Lasker anamwalirira caka capitaco, ndipo m'mawa wa pa 8 Marichi anatsirizika ali ndi zaka 53. Mtembo wace unapita kwao ku Havana, kumene unaikidwa ndi ulemu waukulu m'manda a Colón. Pa manda ace paima mfumu ya chesi yosemedwa ndi mwala woyera. Mu 1962 dziko la Cuba linayambitsa mpikisano wa maiko womkumbukira.

Alekhine anamwalira mu 1946 ku Portugal, akali pa mpando. Pambuyo pa imfa yace bungwe la chesi la maiko onse, lochedwa FIDE, linatenga udindo wokonza mipikisano ya mpandowu, kuti ngwazi isamadzisankhire yokha munthu wolimbana naye. Mwa zina, mkangano wa anthu awiriwa ndiwo unasonyeza kuipa kwa dongosolo lakale.

Capablanca atamwalira, Alekhine analemba zomtamanda, nanena kuti dziko lataya munthu wa luso limene silidzaonekanso. Anabvomeranso kuti mu 1927 iye sanali kudziyesa woposa Capablanca, ndi kuti cimene cinagwetsa mnzaceyo ndi kudzikhulupirira kopitirira. Umboni uwu ndi wolemera, pakuti ucokera kwa mdani.

M'moyo wace wonse wa ukulu Capablanca anagonja masewero osafika 40 pa mipikisano, ndipo 6 mwa amenewo ndiwo anamlanda mpando umene sanauonenso. Akatswiri a pambuyo pace, monga Bobby Fischer ndi Anatoly Karpov, anaphunzira zambiri m'masewero ace, ndipo aphunzitsi a chesi akali kuwaika pamaso pa ana cifukwa ca kumveka kwace.

M'midzi mwathu muli ana amene amagwira zinthu msanga: wina masamu, wina zosema, wina nsolo. Atate a Capablanca anacita bwino pamene analeka mkwiyo nakhala pansi kuyesa mwana wao, ndipo makolo ayenera kutengerapo citsanzo. Koma mwana wotere afunika kuuzidwanso za Buenos Aires. Amene zonse zimamphwekera sazolowera thukuta, ndipo tsiku lina adzakumana ndi mnzace wa luso locepera pang'ono amene anakhala usiku ndi nyali akukonzekera.